Ogula atatu, nyumba imodzi ku Area 49: ndimvere uti?

Lolemba

Anaphiri: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Tikugulitsa nyumba yathu ya ku Area 49, mbali ya ku Gulliver, ya zipinda zogona zitatu, ya mu fensi, madzi ndi magetsi zilipo. Bambo kunyumba anapuma pa ntchito, ndiye tikufuna timalize ina imene tinayamba ku Njewa, inaima pa lintala, komanso mwana wathu wachiwiri akufunika fizi. Tinatchula K100 miliyoni. Pano abwera anthu atatu ndipo mutu wanga waima.

Anaphiri: Oyamba ndi banja lina, onse awiri ali pa ntchito, akuti K95 miliyoni koma kudzera ngongole ya kubanki. Anabwera okha ataona chikwangwani pa geti. Achiwiri ndi bambo wina wogula soya ndi mtedza, anabwera ndi ejenti, akuti K82 miliyoni, ndalama zili m'manja, ngakhale Lachisanu lomweli. Wachitatu ndi muphwa wawo wa bambo kunyumba, mwana wa achemwali awo, ali ku Joni. Iye akuti K105 miliyoni, apereke K30 miliyoni pompano, zotsalazo azitumiza pang'onopang'ono kwa miyezi 18, koma mkazi wake ndi ana alowe m'nyumbamo mwezi wamawa. Mukanakhala inu mukanamvera uti?

Mayi a Tadala: Tengani ya soyayo amayi, musachedwe. Ndalama ndi imene mwaigwira.

aMbewe a ku Kawale: Ayi, mwayankha msanga Mayi a Tadala. K105 miliyoni ndi K82 miliyoni zikusiyana ndi K23 miliyoni yonse. Kuwonjezera apo nyumba ikhalabe pamtundu. Mawa zinthu zikavuta, ana a Anaphiri akhoza kukagona kwa msuweni wawo. Kwa wa soya akagonako?

Mayi a Tadala: Akagonako bwanji atadana chifukwa cha ngongole? kkkk

Anankhoma: Anaphiri, tisanafike poyerekeza mitengo, ndiyambe ndafunsa za mapepala, chifukwa ine ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya maloya ndipo malonda ambiri amafera pamenepa. Malowo ndi a Housing (Malawi Housing Corporation), a City (khonsolo ya mzinda) kapena a Lands (unduna wa za malo)? Title deed, chikalata cha umwini wa malo, muli nayo m'manja? Ili m'dzina la ndani? Simunaipinyolitsepo kubanki kapena kwa akatapila?

Anaphiri: Malowo tinapatsidwa ndi a Housing, lease, kubwereka malo, ya zaka 99. Title deed ilipo, ili m'maina athu tonse awiri, ine ndi bambo. Sitinakongolerepo kulikonse. Koma ground rent, lendi ya malowo, ndi city rates, msonkho wa kukhonsolo, tili ndi kangongole ndithu, sindibisa.

Anankhoma: Chabwino, ndiye muli pabwino kuposa ambiri. Kangongoleko kafufuzeni mawa lomwe kuti ndi zingati, chifukwa popanda kulipira zimenezo chilolezo chosinthira umwini sichituluka. A MRA, otolera misonkho, nawonso amafunika apereke tax clearance, kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, dzina lisanasinthidwe. Zimenezi zidzafunika kaya mugulitsa kwa uti, ndiye yambani lero osadikira kusankha.

aBanda: Moni nonse. Ndiloleni ndiwerengere pang'ono, chifukwa manambala atatuwa akuoneka ngati ali pa mzere umodzi koma sali choncho.

Tiyambe ndi wa ku Joni. K30 miliyoni ndi ya lero, palibe vuto. K75 miliyoni yotsalayo ikubwera cha m'ma K4 miliyoni pamwezi kwa miyezi 18. Mu 2024 mitengo ya zinthu imakwera cha m'ma 30 peresenti pachaka. Ngati zinthu zitayenda choncho, K4 miliyoni ya mwezi womaliza igula zinthu zimene lero mungagule ndi ndalama yosafika K3 miliyoni. Mukaphatikiza miyezi yonse, K75 miliyoni ija mphamvu yake ndi ya cha m'ma K61 miliyoni ya lero. Ndiye K105 miliyoni yatsika kufika pa K91 miliyoni. Anaphiri, m'nyumbamo muli munthu wa lendi?

Anaphiri: Alimo, amalipira K350,000 pamwezi.

aBanda: Ndiye chotsaninso K6.3 miliyoni ya lendi ya miyezi 18 imene simulandira, poti muphwayo akufuna alowe asanamalize kulipira. Tafika cha m'ma K85 miliyoni. Ndipo apa ndawerengera kuti sadzaphonya mwezi ngakhale umodzi, komanso kuti kwacha sigwetsedwanso. Tonse tikukumbukira May 2022 pamene inagwa ndi 25 peresenti, kenaka November 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali atagulitsa nyumba pa ngongole mu October chaka chimenecho anadzuka tsiku lina theka la denga lawo litapita, chikalata chili chomwecho.

Wa soya: K82 miliyoni, koma ejenti mwagwirizana naye zingati?

Anaphiri: Anati 5 peresenti.

aBanda: K4.1 miliyoni. Mutsala ndi K77.9 miliyoni. A kubanki aja K95 miliyoni, palibe ejenti. Tinene kuti zitenga miyezi itatu, mphamvu yake itsika kufika cha m'ma K89 miliyoni, koma miyezi itatuyo mukulandirabe lendi. Ndiye pa pepala wotsogola ndi wa kubanki, wachiwiri muphwa, wachitatu wa soya. Koma pepala silikuuzani kuti mwa atatuwa amene afikedi kumapeto ndi ndani.

Mphunzitsi wopuma: aBanda, masamu amenewa mukanatiphunzitsa kale ena ife sitikanalira. Zikomo.

Tchona wa ku Joni: Ine ndikuona ngati tikumuweruza mnyamatayo tisanamumve. Anthu akuno timavutika kupeza malo kumudzi chifukwa aliyense amatiyesa akuba kapena anthu oti tidyeredwe. Munthu akamalandira ma rand, kwacha ikagwa iye zimamupepukira kulipira. Bwanji angogwirizana kuti ngongoleyo iwerengedwe mu rand kapena mu dola? Pamenepo nkhawa ya aBanda yatha.

aBanda: Achimwene, maganizowo ndi omveka, koma samalani. Ndalama zakunja zili ndi malamulo ake, zimayenera kudutsa kubanki kapena kumalo ovomerezeka, ndipo mtengo wa kumeneko ndi wa pamsewu mukudziwa kuti zikusiyana kutali. Ndiye adzakangana kuti tiwerengere mtengo uti. Wa pamsewuwo sungalembedwe m'chikalata choti mawa mukachionetse kukhoti.

Tchona wa ku Joni: Apo mwanena zoona.

Nachisale: Ine ya wachibale ndiikana ndi manja awiri. Achemwali anga anagulitsa nyumba ku Area 25 kwa mlamu wawo mwa njira yomweyi. Miyezi yoyamba ndalama imabwera bwinobwino. Kenaka kunagwa maliro, kenaka ntchito inatha, kenaka foni inasiya kuyankhidwa. Pofuna kuti awatulutse, abale onse anawaukira kuti mukufuna ana akagone pamsewu. Wogulayo anali atamangamo kale khitchini yapanja ndi kusintha matailosi, ndiye amati mundibwezere zanga zonse ndi chiwongoladzanja. Nkhani inakathera kwa ankhoswe, mpaka lero sayankhulana. Mlendo ukhoza kumutumizira kalata ya loya. Mwana wa alamu ako ungamutumizire?

aMbewe a ku Kawale: Komatu si abale onse ali choncho, Nachisale.

Nachisale: Si onse, eya. Koma amene sali choncho sayamba ndi kupempha makiyi.

Anankhoma: Mfundo ya Nachisale ndiionjezere mbali ya lamulo. Munthu amene ali ndi pangano logula ndipo walipirako, akhoza kupita ku Lands kukaika chimene amati caution pa nyumbayo. Ikaikidwa, simungagulitsenso kwa wina mpaka itachotsedwa, ndipo ngati mwini wake akukana, kuichotsa ndi ulendo wautali. Ndiye taganizani: munthu ali m'nyumba mwanu, wasiya kulipira, waika caution, inu ku Njewa nyumba ili pa lintala mvula ikuinyowetsa. Ngati mtima wanu ulidi pa muphwayo, njira ilipo. Asalowe kufikira atamaliza, kapena alowe ngati walendi wolipira lendi payokha. Title deed ikhale kwa loya. Chikalata chinene poyera kuti akaphonya miyezi yakuti pangano latha, ndipo abwezeredwa zingati, liti. Akakana zimenezi mwadziwa.

Nyumba ndi Maploti LL: Amayi ndili ndi buyer wa cash wa serious, nditumizireni location ku inbox, mawa tibwera kudzaona

Admin: Bambo, pagulu pano sitiitanira malonda. Lamulo lachitatu. Kachiwiri ndikuchotsani.

Mayi a Tadala: Ine ndikadali pa wa soya. aBanda awerengera miyezi itatu ya kubanki, koma ndani wawauza kuti ikhala itatu? Ife tinadikira wogula wa ngongole kuchoka nthawi ya dzinja mpaka anthu anakolola, pomaliza banki inamukana. Ogula ena awiri tinali titawabweza. Tinayambiranso pa ziro, simenti itakwera kale.

Wa kubanki: Zimachitikadi Mayi a Tadala, ndipo ndifotokoze chifukwa chake kuti Anaphiri adziwe zofunsa. Munthu akati "ndikutenga ngongole kubanki" akhoza kutanthauza zinthu zitatu. Mwina wangoganiza chabe. Mwina wakafunsa, amuuza kuti malipiro ake akhoza kufika pa ndalama yakuti. Kapena ali ndi kalata yovomereza ngongole m'manja. Wachitatu yekhayo ndiye wogula. Awiri enawo ndi ofuna.

Chinanso, banki sikhulupirira mtengo umene inu mwagwirizana. Imatumiza valuer wake, katswiri woyeza mtengo wa nyumba. Akanena kuti nyumbayo ndi ya K85 miliyoni, banki iwerengera pa K85 miliyoni, ndiponso kawirikawiri sipereka yonse, imafuna wogula aikepo gawo lake. Ndiye afunseni: gawo lanulo lilipo kale pa akaunti, kapena mukudikira kugulitsa galimoto? Kumbukiraninso kuti chiwongoladzanja n'chokwera. Reserve Bank inakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene imakongozera mabanki, kufika pa 26 peresenti mu February 2024, ndipo chiwongoladzanja cha mabanki chimatsatira pamenepo n'kuwonjezerapo. Ngongole ya K70 miliyoni pa 30 peresenti, chiwongoladzanja chokha ndi K1.75 miliyoni pamwezi. Si mabanja ambiri amene malipiro awo angapirire zimenezo, n'chifukwa chake ambiri amabwezedwa.

Ubwino wake ndi woti ikavomera, ndalama yake ndi yoyera ndipo imabwera yonse kamodzi. Loya wa banki amayendetsa mapepala, ndipo mumalandira kalata yolonjeza kuti dzina likasinthidwa ndalama ilowa ku akaunti yanu. Musasaine transfer, chikalata chosinthira umwini, musanaione kalata imeneyo.

Anaphiri: Eee, ine ndimangoti poti onse ali pa ntchito ndiye basi. Ndiwafunsa mawa.

Mphunzitsi wopuma: Funso langa ndi pa wa soya. Akamati ndalama zili m'manja, akutanthauza m'chikwama?

Anaphiri: Ejenti anati abwera nazo kunyumba m'katoni, tiwerenge, tisainirane, atenge title deed ndi makiyi.

Wa kubanki: Ayi ayi ayi. Amayi, ndalama yaikulu kwathu kuno ndi ya K5,000. K82 miliyoni ndi mapepala 16,400, mitolo 164 ya mapepala 100. Muwerenga pa tebulo la pabalaza mpaka usiku, maso atatopa, simudziwa kuti pakati pa mtolo pali chiyani. Ndipo anthu angati adziwa kuti usiku umenewo m'nyumba mwanu mwagona katoni? Ejenti, dalaivala, mnyamata wonyamula, ndi amene awauza. Mukumane kubanki, makina awerenge, ilowe mu akaunti yanu, kapena atumize kuchokera ku akaunti yake. Banki idzafunsa komwe ndalamayo yachokera, ndi lamulo la Financial Crimes Act la 2017, ndiye chikalata cha malonda chikhale pafupi. Wogula woona sakana zimenezi.

Nachisale: Ndipo chithunzi cha pa WhatsApp choti "ndatumiza" si ndalama. Cheke nachonso si ndalama mpaka chitapsa.

Anankhoma: Muonenso chiphaso chake cha unzika, dzina lifanane ndi limene lilembedwe pa chikalata. Malamulo a malo atasinthidwa mu 2022 anakhwimitsa kwambiri zogulitsa malo kwa amene si nzika, ndiye pali ena amagula kudzera m'dzina la munthu wina. Amene mukukambirana naye, amene akulipira ndi amene akulembedwa akhale munthu mmodzi. Zikasiyana, loya wanu adziwe chifukwa chake. Ndati loya wanu, osati wa wogula. A Malawi Law Society amatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi chilolezo chaka chimenecho, yang'ananipo.

Bambo a Chisomo: Ine ndili ndi nzeru ina. Landirani dipoziti kwa wa soya ndi kwa a kubanki, amene amalize msanga atenge nyumba, winayo mum'bwezere.

Mphunzitsi wopuma: Mapanga awiri avumbwitsa, Bambo a Chisomo.

Anankhoma: Kumeneko ndi kugulitsa nyumba imodzi kwa anthu awiri, anthu amagona nazo m'chitolokosi. Kukambirana ndi onse atatu palibe choletsa, ndipo auzeni poyera kuti pali ena. Koma dipoziti ndi siginecha ndi za munthu mmodzi.

Bambo a Chisomo: Ndabweza mawu kkkk

Anaphiri: Zikomo nonse. Bambo kunyumba ndawawerengera zonse. Iwo mtima wawo uli kwa muphwa wawo, akuti achemwali awo anawalipirira sukulu. Tiona mawa.

Lachinayi

Anaphiri: Ndabweranso. Zachitika zambiri. Ndinaumirira kuti ndionane ndi bambo wa soya maso ndi maso, ejenti amazemba, amati bwana ndi otanganidwa ali ku Kanengo. Dzulo bamboyo anangotulukira yekha kudzaonanso thanki ya madzi ndi mpanda wa kumbuyo. Tikucheza pakhonde, anandifunsa kuti amayi, K90 miliyoni simungatsitseko pang'ono? Ine kudabwa, K90 miliyoni iti? Anatulutsa foni kundionetsa uthenga. Ejenti anamuuza kuti mwini nyumba akufuna K90 miliyoni, ine anandiuza kuti wogula wafika pa K82 miliyoni. K8 miliyoni ya pakatiyo inali yake, kuwonjezera pa 5 peresenti ya kwa ine.

Mayi a Tadala: Mayo ine!

Nachisale: N'chifukwa chake amafuna za m'katoni. Kubanki zikanaululika.

Tchona wa ku Joni: Amatipanga zomwezi ife tikamagula tili kuno. Mwini malo sumuona, umangomva "bwana akuti".

Anaphiri: Ndiye bamboyo akuti tichotse ejenti, andipatse K86 miliyoni, kubanki, loya alipo, alibe nazo vuto. Koma akuti sangadikire kupyola masabata awiri, chifukwa soya akayamba kutuluka mu April ndalama yonse ipita kokagula mbewu kumidzi.

aBanda: Chifukwa chimenecho n'chomveka, si chongokuthamangitsani. Munthu wa geni ndalama yake sigona. Ndiye zasintha: K86 miliyoni ya sabata ino ndi K95 miliyoni ya miyezi itatu imene tinati mphamvu yake ndi K89 miliyoni. Kusiyana kwatsala kochepa kwambiri. Nanga a kubanki anayankha chiyani?

Anaphiri: Ndinawafunsa monga ananenera Wa kubanki. Kalata yovomereza alibe, akuti mafomu anapereka sabata yatha. Gawo lawo ndi K25 miliyoni, mayiyo anandionetsa pa foni kuti K18 miliyoni ilipo, yotsalayo akudikira ku SACCO ya kuntchito. Valuer sanabwere. Koma ndi anthu aulemu, mayiyo anachita kuyeza mawindo a kuchipinda kwa ana ndi chitenje.

Wa kubanki: Ulemu ndi chitenje tiziike pambali kaye. Ali pa sitepe yachiwiri mwa zitatu zija, ndipo gawo lawo silinakwane. Akhoza kutheka, koma m'masabata awiri sizingatheke.

aMbewe a ku Kawale: Nanga ejenti uja mungomutaya? Anachita zoipa, inde, koma wogulayo anabwera naye ndi iyeyo.

Mayi a Tadala: aMbewe, wakuba alipidwenso?

Anankhoma: Anaphiri, munalemberana naye kalikonse ejentiyo?

Anaphiri: Pa WhatsApp pokha. Ndinalemba kuti ukabweretsa wogula ndikupatsa 5 peresenti.

Anankhoma: Uthenga umenewo ndi umboni, musaufufute, ndipo wa K90 miliyoni uja bambo wa soya akutumizireni. Musangomuzemba, adzakuvutitsani pa geti kapena kukakusumirani. Muitaneni pamaso pa loya, mauthenga awiriwo ali pa tebulo, mugwirizane chimene alandire ndipo asaine kuti zatha. Munthu wogwidwa chotere sakhala ndi mawu ambiri. Zoti alandire zingati loya akuuzani, koma muziwerengere kuti kenakake kachoka pa K86 miliyoni.

Musaiwalenso kulemba kuti ndani alipira chiyani. Kawirikawiri stamp duty, msonkho wa pa chikalata cha malonda, ndi zolembetsa dzina latsopano amalipira wogula, ngongole za city rates, ground rent, madzi a Water Board ndi zina zakale ndi zanu. Za msonkho wa phindu kafunseni ku MRA, chifukwa nyumba imene mwini wake amakhalamo ndi nyumba ya lendi lamulo limaziona mosiyana, ndipo yanuyi muli walendi.

aBanda: Mfundo yomalizayo ndi yaikulu, ine ndinaiphonya Lolemba. Ifunseni musanatchule mtengo womaliza.

Mphunzitsi wopuma: Walendiyo mwamuuza? Asamve kwa anthu oyeza mawindo.

Anaphiri: Akudziwa kuyambira January. Chikalata chathu chimati notisi ndi ya miyezi iwiri. Bambo wa soya akuti amusiya akhalebe, iye akufuna ya lendi yomweyo. A kubanki akufuna alowemo okha.

Nachisale: Ndiyetu wa soya wakuchotserani mtolo winanso.

aBanda: Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Imbirani banja lija lero, auzeni zoona: pali wina wa ndalama yokonzeka, ndili ndi masabata awiri. Ngati pofika Lachisanu la sabata yamawa abweretsa kalata ya banki ndi kuika gawo lawo kwa loya, nyumba ndi yawo. Apo ayi, mupita ndi wa soya. Ndipo wa soyayo musamulandire pa K86 miliyoni msangamsanga. Munthu amene amapempha kuti mutsitseko pa K90 miliyoni ndiye kuti K88 miliyoni ali nayo.

Mayi a Tadala: aBanda mwabwera mbali yanga tsopano kkkk

aBanda: Manambala ndi amene asamuka, mayi, ine ndili pomwe ndinali.

Tchona wa ku Joni: Nanga mnyamata wathu uja?

Anaphiri: Bambo anamuimbira Lachiwiri. Anamuuza zimene ananena Anankhoma, kuti akhoza kugula koma alowe akamaliza, kapena azilipira lendi payokha, ndipo zonse zilembedwe kwa loya. Anayankha kuti amalume, mpaka loya ngati ndine mlendo? Kenaka anati K30 miliyoni ija pakadali pano ilipo K12 miliyoni, yotsalayo ikubwera akagulitsa galimoto. Bambo anangoti chabwino muphwa wanga, tidzakuthandiza kupeza puloti. Atadula foni anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anandiuza kuti ndiimbire loya.

aMbewe a ku Kawale: Apo ndagonja. Koma alamu anuwo muwafikire bwino, mupite nokha awiri kukawafotokozera, osati pa foni. Mutengeko ndi kashuga.

Anaphiri: Tipita Loweruka ku Mitundu. Loya tikumana naye mawa 9 koloko, ku MRA ndi ku Housing apita bambo. Anankhoma, title deed ndipite nayo yeniyeniyo kapena fotokope?

Anankhoma: Tengani zonse ziwiri. Yeniyeniyo aione, mubwere nayo. Tsiku limene mudzaisiye kwa loya, akupatseni kalata yosainidwa yoti wailandira ndipo saipereka kwa wogula ndalama isanalowe. Makiyinso chimodzimodzi. Ziphaso zanu nonse awiri musaiwale, poti nonse mukasaina.

Anaphiri: Ndamva. Alamu aja akuimbanso, kachitatu tsopano. Ndikayankhe kaye.